Mphindi Khumi Zimene Sizinalembedwe

Fumbi la pa depoti yathu ndi lofiira, ndipo mu Okutobala limadzuka koboo, kukuta malata, kukuta mabasi, kukuta ngakhale maso a makamera anayi amene ine ndimayang'anira. Ndimakhala m'kachipinda kapamwamba pa ofesi ya matikiti, ine ndi kompyuta imodzi yokalamba. Kunja dzuwa likuswa mtengo, pansipo anthu piringupiringu.

Kompyutayo silemba nthawi yomweyo zimene makamera aona. Imayamba yazisunga m'mutu, kenako n'kuzitsanulira pa disiki, pomwe sizifufutika. Disiki yathu inali yotopa, inkalira ngati chitseko chadzimbiri, ndipo ndinkaopa kuti itifera. Ndiye ndinasintha nambala imodzi: izisunga m'mutu kwa mphindi khumi, izilemba kamodzi. Kulira kunatha. Ndinadziona wanzeru.

Lachinayi lija, cha m'ma thu koloko masana, wina anakuwa kuti wakuba. Liwu limodzi basi. Anthu anagwira a Lufeyo, okonza njinga pansi pa mtengo wa kesha, bambo amene ankamata matayala a depoti yonse. Akuti njinga yamoto yasowa. Ndinaona zonse pa sikirini. Mwala woyamba, pha! Njerwa pamsana, khu! Chitsulo chochotsera matayala chikukwera, chikutsika, chikukweranso. Iwo manja kumutu, iwo maondo pansi, iwo kukamwa yasa, koma makamera athu samva mawu. Malaya awo oyera mbee anasanduka psuu. Ndinaimbira apolisi. Kenako ena anakumbukira makamera. Anathamangira kukhoma la ofesi n'kuzula chingwe cha magetsi, moto thethethe. Sikirini bii.

Zonse zinali zidakali m'mutu mwa makina. Zonse zinapita ndi magetsi.

M'mawa mwake kunabwera wapolisi, a Sajeni Nkhwazi, ali ndi a Nangondo, akazi a malemu Lufeyo, maso ali otupa, chitenje chomangira pamimba.

"Achemwali, ndionetseni amene apha amuna anga."

Ndinatsegula chimene disiki inalandira komaliza. A Lufeyo akusenda nzimbe ndi mano. A Lufeyo akuseka ndi kondakitala, akulavula zikhungwa. Kenako palibe.

"Pitirizani."

"Zathera pomwepa, mayi. Zotsatirazo makina anali asanalembe. Ndine ndinawauza kuti azidikira."

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoti ndibwezenso, ndinabweza, anatinso ndibweze. Anagwira sikirini ndi chala pamene panali nkhope ya amuna awo, mpaka a Sajeni anawagwira paphewa n'kutsika nawo.

Tsiku lomwelo ndinachotsa mphindi khumi zija n'kuika masekondi asanu. Disiki inayambanso kulira, kwe, kwe, kwe, tsiku lonse. Ilire. Ikafa tidzagula ina.

Koma pansipo anthu aja analipobe. Akuitanira mabasi, akukweza matumba a mbatata, akudya chipisi pambali pa dothi limene anathirapo mchenga pokwirira magazi. Ndikamadutsa amati, "Mwaswera bwanji, achemwali?" maso ali tong'o, kufufuza ngati ndikudziwa kanthu. Ndinkayankha bwinobwino. Masiku asanu ndinayankha bwinobwino, khutu likumva mwala umene kamera sinamve.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mvula yoyamba inagwa ndi mkuntho, kusasula malata a ogulitsa tomato, kugwetsa nthambi za kesha uja. Ndinatseka kachipinda kanga n'kuyenda m'mvulamo mpaka kupolisi, zovala zili nyowe.

A Sajeni anadzutsa mutu. "Mwapeza china pa makina aja?"

"Ayi, bwana. Pa makina palibe. Koma ine ndinali pa sikirini, ndinaona. Tengani cholembera."

Anatenga. Ndinatchula maina asanu, limodzilimodzi, iwo akulemba. Loyamba, la amene anagwira chitsulo, linali la alamu anga.