Ankhazi Anati Asambile

Sindikhalitsa malo amodzi. Lusaka inanditopetsa. Ndinakwela basi ya ku Chipata, kenako minibasi ya ku Lundazi. M'makutu munali Dokotala Danwell Mtonga, mphunzitsi wa za bizinesi amene ndimamumvela pa foni. Mfundo yake ndi imodzi. Kampani imene imagwa mwiniwake akangotsokomola si kampani. Mtsogoleli weniweni amamanga chinthu choyenda iye kulibe.

Mlongo wa atate, a Tryphena, amapanga chiponde pafupi ndi msika. Kuno timawatcha ankhazi. Anchito ali nawo awili, Uchizi ndi a Boniface. Koma nshawa amakazinga okha. Mchele amathila okha. Makiyi amagona m'chiuno mwawo. Tsono maso anali atayamba kuchita khungu. Ku Chipata anawaitana kalekale kuti akawachite opaleshoni. Iwo osapita.

"Ndikachoka, chiponde chafa," anatelo.

"Ndiye si kampani iyi, ankhazi. Ndi inu chabe ndi chigayo."

"Iwe wa m'tauni, unagulitsapo ngakhale tomato?"

"Ayi. Koma maso mukuwafuna?"

Ndinawayikila Dokotala Mtonga pa foni. Anamvela mpaka kumapeto. M'mawa anamanga chikwama.

Pa siteshoni anandipatsa makiyi, naloza foni yanga. "Nkhukhumba ŵasambile," anatelo m'Chitumbuka. Chitumbuka changa n'cha moni basi. Koma liwu ili ndinalimva bwino. Asambile! Anchitowo ndiwaponye m'madzi, adzione okha. Ndinati ankhazi aposa Dokotala.

Makiyi ndinapatsa Uchizi. Ine ndinakhala pa thumba la nshawa.

"Achimwene, moto uwu wakwana?" anafunsa Uchizi.

"Sambila, mlongo."

"Nanga mchele?" anatelo a Boniface.

"Sambilani, bambo."

"Kodi inu munabwela kudzachita chiyani kuno?"

"Kudzakhala pansi."

Nshawa zoyamba zinapselela. Zinapita ku nkhumba. Chiponde chachiwili chinachuluka mchele. Mayi wina wa mu msika analawa, nalavula. "Ichi ndi chiponde kapena kapenta?"

Komabe ankhazi sindinawaimbile foni. Awiliwo anakangana, kenako anagawana nchito. Uchizi pamoto. A Boniface pa chigayo ndi mchele. Kulawa onse. Anasiya kundifunsa. Mayi wa kapenta uja anabwelanso, n'kutenga mabotolo odzaza dengu.

Ankhazi anabwelako ku Chipata atavala magalasi akuda. Moni osayankha. Molunjika ku botolo. Anapisa chala, analawa.

"Wawaphunzitsa bwino," anatelo. "Dokotala wako uja ndi wanzelu."

"Sanamumvele n'komwe. Munati asambile. Onani, sanamile."

Uchizi anaseka mpaka kukhala pansi. A Boniface anagwila m'mutu. "Ndiye chifukwa chake! Ife timati mwana wa achimwene awo ndi waulesi."

"Iwe mutu wa m'tauni!" anatelo ankhazi. "Kusambila kwathu kuno ndi kuphunzila! Ndinati uwamvetse foniyo!"

"Ndiye zonse ziwili zachitika, ankhazi."

Anandiyang'ana ndi diso latsopanolo. Anapisanso chala m'botolo.

Uchizi anamasula makiyi, nawapeleka ndi manja awili. Ankhazi sanalandile.

"Sunga, mwana wanga. Diso linalo akulifunanso ku Chipata mwezi wamawa. Ndipita."

Ine mapazi anali atayamba kale kuyabwa. Ndinamva kuti pali galimoto ya ku Chama.