Penti Wachikasu wa Samva

Lona atangolivundukula, fumbi linati kobo, ndipo agogo anatseka mphuno ndi nsonga ya mpango wawo. Anali ataima pakhomo la garaja, phazi limodzi mkati lina kunja, monga ankachitira zaka zonsezi. M'garajamo sankalowa. Pamalo pamene mawaya amagetsi akukwawa pansi ngati njoka ndipo zitini zikununkha zoti n'kuyaka, munthu wanzeru amaima poti athawe msanga.

Wovundukulayo anali mwana wawo wamkulu, atavalabe jekete yake ya pamaliro. Pambali pake panali mlendo wa nsapato zoyera, wogula magalimoto akalekale, yemwe anabwera ndi lole yonyamulira n'kuisiya pamsewu injini ikulira.

Galimoto imene inali pansi pa lonalo inali yotuwa ngati phulusa. Mipando iwiri yokha, denga palibe, mphuno yaitali, mimba yotsala pang'ono kukhula pansi. Samva, mwana wawo wachiwiri, anaipeza ili chiphakasa kuseri kwa nyumba ina, nkhuku zikuikira pampando. Ntchito yake inali yowongola ndi kupenta magalimoto a eni, koma akaweruka ankathamangira kwa iyi: kupala dzimbiri, kuwotcherera zigamba, kukwecha ndi sandipepala wonyowa mpaka zala kusupuka. Chotsala chinali penti womaliza yekha.

Dzina loti Samva anam'patsa ndi agogo omwe, poti makutu ake anali ongokongoletsa mutu. Anamuuza kuti chimenecho ndi bokosi la maliro loika matayala. Anamuuza kuti galimoto yopanda denga ikagubuduka, mutu wa munthu ndiwo umasanduka denga. Anamuuza kuti woyendetsa lole ali m'mwambamo sangaone kanthu kokwawa ngati mphemvu. Iye ankangoseka, n'kulonjeza kuti tsiku lomaliza kupenta woyamba kukwera adzakhala iwowo. Agogo ankayankha kuti adzawakweze atafa.

Koma imfa inalowera pakhomo limene sanalilondere. Samva anagwa m'khitchini m'mawa akutsuka kapu, mtima unangoima, galimoto ili phee pansi pa lona.

Pachitini china pakona panakhala Kasipanala, mwana yekhayo wa malemuyo, mtsikana wamkulu ndithu amene anakulira m'garajamo mpaka dzina lake lenileni linaiwalika. Anali atavala ovololo ya bambo ake, mikono atapinda kawiri. Chichokereni kumanda sanalire pagulu. Ankangobwera muno kudzamata manyuzipepala pamagalasi ndi panyali, kukonzekera kupenta.

"Bambo aakulu, ndapempha lero lokha," anatero osadzutsa mutu. "Ndiimalize. Kenako muchite zomwe mukufuna."

Bambo aakuluwo anapumira m'mwamba. Sanali munthu wankhanza, agogo ankadziwa. Anali munthu wotopa. Anafotokoza kachiwiri zomwe anafotokoza dzulo: garaja ndi ya lendi, mwiniwake wayamba kale kutsokomola pageti, ndipo mlendoyu akufuna galimoto mmene ililimu, yosapenta, kuti akaipake mtundu wake wa kufakitale. Akaipenta, malonda afa. Galimoto yamasewera siphika chakudya, ndipo mwana wamasiye sangakhalire kulera chitsulo.

Ndiye anatembenukira kukhomo, podziwa kuti mboni yake ili pomwepo.

"Amayi, muuzeni ndinu. Si inu nomwe munkati bokosi la maliro?"

Agogo anayang'ana kumbali. Maso awo anali pa mlendo uja, poti munthu wa nsapato zoyera m'garaja ndi woyenera kumuyang'anitsitsa. Mlendoyo anali kuzungulira galimoto, akugogoda apa ndi apo ndi chala chopinda, n'kumagwedeza mutu ngati akugula mbuzi yodwala. Anavomera kuti thupi analiwongola bwino, dzanja la mmisiri linalipo, koma mmisiriyo anali ndi matenda owonjezera zinthu. Anakoka lamba wapampando n'kumusiya kuti abwerere thwa. Magalimoto a zaka zimenezo analibe malamba, anatero, awa adzawadula. Analoza chitsulo chokhota ngati uta chimene chinaima kumbuyo kwa mipando, chotalika kuposa mutu wa munthu wokhala pansi, n'kufunsa kuti kodi mwini wake ankafuna kuyanikapo zovala. Atatsegula chitini chimodzi pa shelefu, anaseka mokweza.

"Wachikasu? Galimoto ngati iyi imakhala yobiriwira modera, bwana. Uwu ndi mtundu wa anthu okonza misewu, woti lole ikuonere patali."

Mawu amenewo anawabaya agogo pansi pa nthiti. Woti lole ikuonere patali. Anayang'ananso chitsulo chokhota chija, ndipo anachiona bwino tsopano: galimoto itagubuduka, chimenecho ndicho chikanagunda pansi, mutu n'kupulumuka. Lamba uja naye ankam'dziwa. Ndi iwo amene anakalipa chaka china kuti munthu adzaponyedwa kunja ngati thumba. Zaka zonsezo ankalankhulira pakhomo, akuganiza kuti mawu awo akugwera m'fumbi, pamene mwanayo ankaseka ndi pakamwa, manja akutola.

Phazi lawo lakunja linalowa mkati. Kasipanala anadzutsa mutu. M'moyo wake wonse anali asanaonepo agogo ake atadutsa mzere wa pakhomopo.

Analambalala waya mosamala, akumulozera ndi ndodo kuti wina amukulunge asanaphe munthu, n'kukatenga ndowa yomwe inali pansi pa mpopi. Ntchitoyi ankaidziwa poionera patali: Samva asanapente, ankathira madzi pansi ponse kuti fumbi ligone, lisadzuke n'kukamatirira pa penti wamuwisi. Anatunga madzi ndi dzanja n'kuyamba kuwaza, kuyambira pakona, kubwera chakuno, madontho ena n'kugwera pa nsapato zoyera zija.

"Pepanitu bambo, maso ndi aukalamba," anatero, n'kuwazanso pomwepo.

Mlendo anadumphira kunja. Mwana wamkulu anafunsa kuti kodi akuchita chiyani, ndipo agogo anamuuza kuti akuthirira maluwa, ngati sakuona. Kenako anayang'ana mdzukulu wawo.

"Iwe, sakaniza."

Aliyense m'garajamo ankadziwa tanthauzo lake. Penti ameneyu akathiridwa mankhwala oumitsa, sabwereranso m'chitini. Uyenera kum'popera tsiku lomwelo, apo ayi amauma gwa n'kutayidwa. Kasipanala anaimirira n'kutsegula kabotolo ka mankhwalawo.

"Amayi, mukutaya mwayi wa mwanayu," anatero mwana wamkulu, mawu atatsika. "Mawa akadzagona ndi njala musadzandiyang'ane ine. Ndipo akadzaiyendetsa n'kuvulala? Mwaiwala zomwe munkanena?"

"Sindinaiwale, ndipo ndizinenabe mpaka malovu atandithera. Ndi bokosi la maliro. Koma m'bale wako sanasiyepo ntchito ya munthu ili yotuwa. Yake yomwe ndiye ituluke muno yamaliseche, atainyamula ngati mtembo wachiwiri? Wanga ndanyamulitsa mmodzi sabata ino. Wakwana."

Mankhwala anagwera m'penti, ndipo kamtengo kosakanizira kanayamba kuzungulira. Mlendo anaona zimenezo ali pakhomo, anapukuta nsapato ndi mpango wa m'thumba, n'kunena kuti banja likagwirizana lidzam'peza. Agogo anamulangiza kuti ayende bwino, pakona paja ana amatulukira mwadzidzidzi. Lole inachoka yopanda kanthu.

Agogo anatulutsa mwana wawo wamkulu ngati mmene ankam'tulutsira m'khitchini ali wamng'ono, n'kukoka chitseko chachitsulo. Anaika mpando wawo kutsogolo kwake, ndodo anaipingasa pamiyendo. Wotsegula apa alowetsa fumbi, anatero, ndipo wolowetsa fumbi ayambe wadutsa pa iwo. Mkati kompuresa yopopa mpweya inayamba kugunda, kenako kunamveka kupuma kwa mfuti ya penti, fuu, fuu, kupita ndi kubwerera, mofanana ndendende ndi mmene inkapumira m'dzanja la Samva. Agogo anatseka maso. Koma pakamwa sipanatseke: anakuwa kudzera pachitseko kuti avale chophimba kumphuno, kuti asaponde payipi, kuti akamva chizungulire atuluke, mapapo sagulitsa m'sitolo.

Mwana wamkulu sanapite kwawo. Anayendayenda pabwalo, anaimba foni, anaidula. Dzuwa litapendeka, mphepo inayamba kukolopa fumbi la mumsewu n'kulikankhira kumpata wa pansi pa chitseko. Anayang'ana mpatawo kanthawi. Kenako anavula jekete ija, anainyowetsa pampopi, n'kuitseka pampatapo ndi phazi, osayang'ana amayi ake. Nawonso anachita ngati sanaone.

Anatsegula m'mawa mwake, penti atagwira. Kuwala kutalowa, galimoto inayaka ngati dzuwa lenilenilo, moti agogo anaphimba maso n'kunena kuti chinthu chotere chidzachititsa khungu oyendetsa anzake, ngozi ina ndi imeneyo. Kasipanala anaseka koyamba chimwalirireni bambo ake, tsitsi lili ndi timadontho tachikasu. Anamatula manyuzipepala pang'onopang'ono, n'kutsegula chitseko cha mbali ya wokwera.

"Agogo, sindiliza injini. Mungokhalamo."

Anakana. Anati mawondo sangapinde, anati akakhala sadzadzukanso, anati ndani anaona nkhalamba itakhala pansi pamsewu. Akukana choncho n'kuti atapereka kale ndodo kwa mwana wawo wamkulu. Anatsika pampando pang'onopang'ono atagwiridwa mbali zonse, ndipo atangokhala, mantha awo akale anawagwira. M'galimoto iliyonse dzanja lawo linkasaka pogwira. M'basi ankakakamira mkono wa Samva mpaka kusiyapo zikhadabo. Dzanjalo linatambasuka lokha, ndipo linapeza chogwirira.

Chinali chachitsulo, chowotcherera kutsogolo kwa mpando, chokulungidwa ndi chikopa chofewa. Kasipanala ananena kuti nachonso si cha kufakitale. Mlendo uja akanachiona akanachidula. Agogo anakumbukira tsiku lina chaka chatha pamene Samva anabwera ndi chingwe, n'kuwayeza kuchokera paphewa kufika m'manja, ati akufuna kuwasemera ndodo yatsopano. Ndodoyo anaidikira, anaikumbutsa, mpaka anam'tukwana kuti ndi wabodza ngati wogulitsa mankhwala a m'basi.

Chigongono chawo sichinatambasuke kwambiri, sichinapindenso kwambiri. Zala zonse zinakwana.

Anakhala choncho, akuyang'ana khoma la garaja kudzera pagalasi lakutsogolo. Kenako ndi dzanja linalo anakoka lamba uja n'kum'patsa mdzukulu wawo kuti amange.

"Mpaka pageti pokha," anatero. "Ndipo pang'onopang'ono. Ndikuona."