Matofi a Kadzungu

Dzina lakuti Kadzungu anamupatsa ndi abambo ake ali ndi zaka zitatu, ndipo linamukwana bwinobwino kwa zaka makumi anayi. Anali mwana wobulungira, wamasaya ngati wabisamo mazira, ndipo atakula sanasinthe, anangowonjezera. Mumsewu umene anali ndi kashopu kosokeramo zovala munali atelala anayi, koma wofuna iyeyo sankasochera. Ankangofunsa kuti, "Atelala onenepa aja ali pati?" Mwini wake sankadandaula nazo. Amene anayamba kudandaula ndi mawondo.

Dokotala sanazungulire. Anati magazi akuthamanga, matenda a shuga aima pakhomo akungodikira wowatsegulira, ndipo mawondowo atopa kusenza katundu wa anthu awiri. Kadzungu anamvera. Pa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri anatsitsa makilo makumi atatu ndi awiri. Madiresi ake onse anawaphwasula n'kuwasokanso, ena mpaka kawiri.

Komatu aliyense amene anachepetsapo thupi akuuzani kuti kutsika si nkhani, nkhani ili pa kukhazikika pomwe watsikirapo. Thupi siliiwala kwawo, limangofuna kubwerera. N'chifukwa chake Loweruka lililonse m'mawa Kadzungu ankakoka sikelo kunsi kwa bedi n'kukwerapo atagwira mpweya, ngati kuti mpweyawo ndi umene ukulemera. Mu tiyi ankaponyamo timapiritsi tiwiri totsekemera m'malo mwa masupuni atatu a shuga. M'kadirowa ka makina osokera, momwe kale munkakhala matofi osakanikirana ndi mabatani, tsopano munali kachitini ka maswiti opanda shuga. Sabata yoyamba anatafuna paketi yonse tsiku limodzi poganiza kuti amenewa alibe mlandu. M'mimba munamuphunzitsa kuwerenga tizilembo ta kuseri kwa paketi: masana onse anali pa ulendo wa kuchimbudzi, mkwatibwi ataima mushopu ndi mapini m'chiuno. Kuchokera tsiku limenelo ankadya awiri okha, osapitirira.

Nkhani ya maswiti inali ya m'magazi. Abambo ake anagwira ntchito zaka makumi atatu pafakitale ya maswiti, kuphika shuga m'miphika ikuluikulu yoti munthu n'kusambiramo. Malaya awo ankanunkhira shuga wopserera ngakhale atachapidwa. Lachisanu lililonse ankabwera ndi matofi ophwanyika amene makina anakana kukulunga, ali m'thumba lakumanzere la jekete. Kadzungu ankawachingamira pageti, moni womwe osapereka, dzanja lili kale m'thumbamo. Amayi ake ankakalipa ali chiimire pakhomo kuti mwanayu mano atha, bambowo n'kuyankha kuti mano amera ena koma ubwana sumeranso. Masiku amenewo nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, denga lodontha pangodya, koma Kadzungu sankakumbukira kuti anasowapo kanthu.

Amayi aja anatsikira kulichete kalekale, ndipo bambowo tsopano ankakhala kwa achimwene ake a Kadzungu, m'tauni ina, ulendo wa maola asanu pa basi. Mutu wawo unali utayamba kudontha. Ankaiwala kuti adya kale, ankaiwala dzina la mpongozi wawo amene ankawaphikira, koma sankaiwala kufunsa kuti Kadzungu abwera liti. Panali patatha zaka zitatu iye osapondako. Zifukwa zinalipo, monga zimakhalira nthawi zonse: mayunifolomu a sukulu, maukwati, mvula. Koma achimwene ake atamuimbira foni n'kunena kuti, "Iwe, ngati ukufuna kuwapeza ababa akadazindikira anthu, usazengereze," anatseka shopu kwa sabata imodzi n'kunyamuka.

Anafika Lolemba masana. Mlamu wake anamulandira ndi mfuu, kumuzungulira uku ndi uku. "Alamu, theka linalo mwalisiya pa basi?"

Bambo aja anali pakhonde lakuseri, pampando wapulasitiki woyalidwa pilo, atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Kadzungu anagwada pambali pawo.

"Ababa, ndabwera."

Anamuyang'ana bwinobwino, nkhope, mapewa, manja. Kenako anamwetulira mwaulemu, kuja timamwetulira alendo.

"Fikani, mayi. Ndinu a kuchipatala?"

"Ndine Kadzungu, ababa. Mwana wanu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kadzungu wanga? Mayi, mu diresi lake inuyo mungakwanemo awiri, malo a mlendo n'kutsalako."

Onse anaseka nawo, poti ukapanda kuseka uchita chiyani. Koma Kadzungu mtima unamupweteka kwambiri. Miyezi yonse ija ankadzimana akuganiza za tsiku limeneli, kuti abambo ake adzamuona n'kumunyadira. Sanaganizepo kuti makilo amene ankatayawo ndi amene iwo ankamudziwira.

Lachiwiri anawapeza akuyala matofi pa bondo. Achimwene ake ankawagulira kawirikawiri, chifukwa thumba likakhala lopanda kanthu m'nyumbamo simunkakhala mtendere. Okha sankadya. Ankangosunga, ndipo nyerere zinali zitatsegula msewu kuchokera pazenera, kukwera mwendo wa mpando mpaka kulowa mu jekete.

"Awa ndi a mwana wanga," anatero bambowo. "Koma poti mwatiyendera, tengani kamodzi."

Apa ndi pamene pakamwa panamupachika. Chizolowezi chokana keke ya pa ukwati ndi zakumwa za makasitomala chinayankha iye asanaganize.

"Zikomo, sindidya shuga."

Dzanja lija linabwerera pang'onopang'ono. "Ndimaona," anatero. "Wangayo sakanakana."

Achimwene ake, amene anaona zonsezi ali pakhomo, anamutsatira kukhitchini. "Iwenso, kamodzi kokha kakanakupha?"

"Simukudziwa inu, achimwene. Kwa ine kamodzi kamaitana anzake."

Sankanama. Kawiri konse m'mbuyomu anachepetsapo thupi, ndipo kawiri konse linabwerera ndi zowonjezera, chiyambi chake chili pa kamodzi kokha komweko.

Ndiye anapeza nzeru, ija imaoneka yabwino ukaiganiza uli wekha. Lachitatu m'mawa, achimwene ake akusambitsa bambowo kubafa, anatenga jekete n'kukhuthula matofi onse. M'chikwama mwake munali matofi opanda shuga, mtundu ndi kukula kwake kofanana ndi enawo. Zala za telala sizichedwa. Anafunyulula, kusintha, kukulunganso m'mapepala akale omwewo, kupota nsonga zonse ziwiri. Anakuntha jekete panja, nyerere n'kubalalika, ndipo mlamu wake anawomba m'manja kuti mwina zofunda zipumako. Maganizo a Kadzungu anali akuti bambowo akamupatsanso alandira ndi manja awiri, atafune pamaso pawo mopanda mantha, ndipo mwina pamenepo amuzindikira.

Tsiku limenelo sanamupatse. Lachinayi m'mawa anawapeza atawerama pampando, akuyang'anitsitsa pansi.

"Nyerere zapita kuti?"

"Tazithamangitsa, ababa," anayankha mlamu uja.

"Nyerere sathamangitsa. Imachoka yokha ikaona kuti palibe chake."

Anapisa m'thumba, kutulutsa tofi imodzi, kuifinya, kuinunkhiza. Kenako anaifunyulula n'kuikhudzitsa kunsonga ya lilime. Munthu amene sankadziwa tsiku kapena chaka, nkhope yake inasintha nthawi yomweyo n'kukhala ya kapitawo wa pafakitale.

"Uyu si shuga. Shuga amafunda pa lilime, ichi chikuzizira ngati chitsulo, ndipo kumapeto kwake kukuwawa. Anaphika ndani zimenezi? Chinthu choti nyerere yachikana, mwana wanga adye?" Anapisanso m'thumba. "Wandibera ndani? Akabwera ndimupatsa chiyani ine?"

Anayang'ana mpongozi wawo ndi diso loipa, ndipo Kadzungu sakanalola kuti mlandu wake ugwere wosalakwa.

"Ndine, ababa. Koma enieni aja alipo, sindinataye."

Anathamangira kuchipinda n'kubwera nawo ali m'kajumbo, opanda mapepala awo, atamatirirana. Bambowo anawalandira osamuyang'ana kumaso. Anawalekanitsa n'kuyamba kuwakulunga okha, imodzi ikatha inzake, mosamala ngati pali wina amene adzayendere ntchitoyo.

Masiku awiri sanamuyankhule. Akalowa ndi tiyi, iwo ankaika dzanja pathumba. Kadzungu anayesa zonse: nyimbo imene amayi ake ankaimba pochapa, nkhani ya galu wawo amene anameza tofi ndi pepala lomwe, zithunzi zakale za m'kabati. Zithunzizo ndiye anazilandira. Analoza mtsikana wonenepa wovala yunifolomu yothina n'kuuza mpongozi wawo kuti, "Uyu ndiye wanga," koma amene anagwira chithunzicho sanamuone. Loweruka linafika n'kupita, ndipo kwa nthawi yoyamba Kadzungu sanakumbukire n'komwe za sikelo. Chimene ankaganiza n'chakuti zikanakhala zotheka kubwereka makilo aja kwa ola limodzi lokha, akanawavala ngati chijasi, mawondo alire alire.

Lamlungu basi yake inali ya teni koloko m'mawa. Anapita kukawatsanzika pakhonde, chikwama chili paphewa. Mkwiyo uja unali utaiwalika pamodzi ndi zina zonse. Matenda amenewa nawo ali ndi kachifundo kake.

"Mukupita, mayi? Kwanu ndi kuti?"

Anatchula tauni yake, ndipo maso a bambowo anawala.

"Ndi komwe kuli mwana wanga! Amasoka zovala. Mwina mumamudziwa, ndi wathupi, wokonda kuseka."

Kadzungu akanatha kuyesanso kachikhumi kunena kuti ndine amene, koma anatopa kumenyana ndi maso awo. Anagwada, chikwama n'kuchiika pansi.

"Ndimamudziwa bwino, ababa. Ndiye wandituma. Akuti amakukumbukirani tsiku lililonse. Akuti mumukhululukire kuti watenga nthawi osabwera."

"Palibe chokhululuka apa." Anamukodola kuti asendere pafupi, n'kutsitsa mawu kuti a m'nyumba asamve. "Ine ndikudziwa chimene sabwerera. Ulendo womaliza uja, anthu a pa basi anamuseka thupi. Sanandiuze, koma ndinaona maso ake pofika, ndiponso mmene ankaopera kubwerera. Amangoti ntchito, ntchito. Ntchito yanji? Ndi manyazi basi. Ine ndine bambo ake."

Kadzungu anadziwa kuti zinali zoona. Kondakitala wa tsiku limenelo anafuula kuti mayiwa agule mipando iwiri, basi yonse n'kufa ndi phwete, ndipo iye anakhala maola asanu atazyolika. Nkhani imeneyi sanauzepo munthu, ngakhale achimwene ake. Iye mwini anali ataikwirira mpaka kuyamba kukhulupirira kuti chomulepheretsa kubwera inalidi ntchito.

"Mukamuuze abwere mmene alilimo," anapitiriza bambowo. "Asadikire kuwonda. Kuwonda n'kwa chiyani? Ine ndinamunyamula paphewa ali wolemera kale, sindinadandaule. Mukamuuze kuti masiku anga akuchepa, ndipo ndikufuna ndimuone."

Anapisa m'thumba lija, kusankha tofi yaikulu kuposa zonse, kuiika m'dzanja lake n'kumupinda zala.

"Iyi ndi yeniyeni, ya shuga. Mukamupatse m'manja mwake. Musadye panjira, ngakhale mukuoneka anjala."

"Ndikamupatsa, ababa."

Pa basi anakhala pawindo, mpando umodzi malo n'kutsalako. Tofiyo anaifumbata mpaka atatuluka m'tauni. Kachitini ka maswiti opanda shuga kanali m'chikwama, ndipo sankakayika kuti mawa ndi mkuja kagwira ntchito yake monga kale. Koma wotumidwa ndi bambo sasintha katundu panjira. Basi itadutsa mlatho, anafunyulula pepala lija n'kuponya tofiyo m'kamwa, kumupatsa mwini wake monga anamutumira. Inali yofewa chifukwa chokhalitsa m'thumba. Sanatafune. Anaisiya kuti isungunuke yokha, misozi ikutsika, ndipo mayi wa pampando woyandikana naye anayang'ana kumbali mwaulemu.