Njere za m'Chikho cha Safiya

Tabitha anafika pakhomo dengu lili m'manja, naliponya pakhonde mpaka nkhuku zinabalalika.

"Kwa Safiya sindidzapondakonso," anatero. "Mpingo usankhe wina."

Mwamuna wake, Timoteyo, anali kukhoma khasu mumpini. Anatukula mutu. "Kwagwanji, amake Eva?"

"Munthu kumusenzera chakudya pamutu, iye n'kumachisankha ngati muli miyala! Mpunga wopuntha ine? Ine Tabitha?"

Munali mu Januwale, chaka cha 1953, kudera la Malengachanzi. Mpingo wa Anglican wa m'mudzimo unali ndi chizolowezi chimodzi chabwino. Lamulungu lililonse mayi aliyense ankabwera ndi kambale ka mpunga wosapuntha n'kuthira m'dengu lomwe linkakhala pakhomo la tchalitchi. Ankalitcha dengu la osauka. Likadzaza, Tabitha ankapita nalo kwawo, n'kupuntha, n'kupeta, n'kukapereka kwa amene mpingo wamusankha. Amayiwo ankati kupatsa wovutika mpunga wamankhusu ndi chipongwe, chifukwa ndiye kuti wampatsanso ntchito.

Ndipo pa nkhani yopuntha, Tabitha analibe mnzake. Mpunga wake unkatuluka woyera mbee, moti kupeza njere imodzi yamankhusu mumbale yathunthu unali mwayi. Iye mwini ankadziwa zimenezi, ndipo sankabisa.

Chaka chimenecho dengu linapita kwa Safiya. Safiya anali Msilamu, mayi wa ana atatu, ndipo mwamuna wake Swaibu anamwalira ndi chifuwa m'nyengo ya dzuwa. Ena mumpingo anang'ung'udza kuti dengu la Akhristu lipita bwanji kwa munthu wa kumzikiti, koma ambiri anati njala ya ana siyang'ana kumene makolo amapemphera. Tabitha anali mmodzi wa amene analankhula kwambiri tsiku limenelo. N'chifukwa chake zinamupweteka chotere.

"Ndinayiwala nkhata yanga, ndiye ndinabwerera," anafotokoza. "Ndampeza kuseri kwa nyumba, mpunga wonse wauyala palichero, akutola kamodzikamodzi n'kumaponya m'chikho. Atandiona, chikhocho wachibisa m'nsalu. Ndiye kuti chiyani? Mpunga wa Akhristu ndi wauve?"

"Mwina ndi za chipembedzo chawo," anatero Timoteyo, maso ali pakhasu. "Zisiyeni. Mwachita mbali yanu."

Panalinso nkhani ina imene onse awiri ankaidziwa. Safiya anachokera ku Ngala, anangobwera kuno ndi ukwati. Munda wa mpunga umene ankalima kudambo unali wa akuchimuna, ndipo woyang'anira anali a Useni, amalume ake a malemu Swaibu. A Useni ananena poyera kuti munda wa kudambo sugona. Ngati mwezi wa Januwale utha Safiya asanafese, adzaupereka kwa wina woti alime. Amene anali atapita kale kukaupempha anali Timoteyo. Tabitha sanaonepo cholakwika. Munda wogona, munthu wamphamvu n'kuulima, vuto lili pati?

Kuseri kwa mpanda kunali a Malita, mayi wachikulire wochokera kumpoto, amene ankagulitsa usipa wowuma. Makutu awo sankaphonya kanthu.

"Amake Eva," anaitana, "nanga Safiyayo mwamufunsa?"

"Ndimufunse chiyani, mayi? Ndaona ndi maso angawa."

"Mwaona dzanja likutola. Chimene likutola mwachiona?"

A Malita anasendera pafupi ndi mpanda, napitiriza kufunsa.

"Milungu ingati mwakhala mukupita kumeneko?"

"Isanu."

"Pa milungu isanuyo, munakhalako pamphasa n'kumufunsa kuti, mnzanga, chikukusowa n'chiyani?"

"Aa, mayi, wamasiye wa ana atatu chingamusowe n'chiyani? Si chakudya?"

"Inu ndinu amene mwayankha, osati iye," anatero a Malita. "Tengani nsalu yanu tipite limodzi. Ine miyendo ikundiwawa, koma iyi ndiyenda."

Anampeza Safiya akutsuka mapoto. Atalonjerana, a Malita sanazungulire.

"Amake Mariamu, mnzanuyu wakhumudwa. Akuti mumanyansidwa ndi mpunga wake. Tatiwonetsani chikho chija."

Safiya anapukuta manja pansalu yake. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi chikho chaching'ono chomwera madzi, nachiika pamphasa. Tabitha anasuzumira. Munali njere zamankhusu zokhazokha, zofiirira, zimene munsi unaziphonya. Sizinafike ndi pakati pomwe pa chikhocho.

"Ndi mbewu," anatero Safiya motsitsa mawu. "Yathu tinaphika pa sadaka ya malemu. Anthu anabwera ambiri, ndipo sindikanatha kuwabweza ndi njala. Ndinkati ndidzapeza ina, koma chaka chatha sichinali chabwino, abale anga ku Ngala nawonso yawo ndi yoperewera. Munda ndinalima wonse, ukungodikira. Ndiye mukabweretsa mpunga, ndimayamba ndatola zimene zatsala ndi mankhusu, chifukwa ndi zokhazo zingamere."

Anamwetulira pang'ono, mwamanyazi. "Koma inu, amake Eva, mumapuntha bwino kwambiri. Tsiku lina ndinapeza zisanu ndi ziwiri zokha."

Tabitha anayamba kuwerenga mumtima. Madengu asanu a mbewu yabwino anadutsa m'manja mwake, ndipo iye anawathira mumtondo, limodzi ndi limodzi, akuyimba nyimbo za m'tchalitchi. Dengu limodzi lokha likanakwana munda wonsewo.

"Mayo ine!" anatero. "Nanga osanena bwanji, mnzanga?"

"Munthu wakusenzera chakudya, ana ako adya, ungamuuze kuti wabweretsa molakwika?" Safiya anazengereza, kenaka anapitiriza. "Komanso mundikhululukire. Mbewu ndikanakaipempha bwanji kunyumba imene ikudikira munda wanga?"

A Malita anangotenga chikhocho, nachiika m'manja mwa Tabitha.

"Mubwereke ichi," anatero. "Mukachionetse kwanu, kenaka kumpingo. Mubweze njere zake zili zonse."

Tabitha anampeza Timoteyo akadali pakhonde, khasu latsopano lili pambali. Anaika chikho patsogolo pake nafotokoza zonse. Timoteyo sanadabwe, ndipo kusadabwa kwakeko n'kumene kunamuopsa mkazi wake.

"Abambo a Eva, munkadziwa?"

"Ndinadutsako kudambo," anayankha pang'onopang'ono. "Ndinaona munda wolimidwa bwinobwino, wopanda mbewu. Mlimi aliyense akhoza kudziwa tanthauzo lake."

"Ndiye munangokhala chete?"

"Sindinabe kanthu. A Useni ndi amene ananena lamulo lawo, ine ndinangopempha. Nafenso tili ndi ana, munda wathu ndi waung'ono."

"Zoona, simunabe. Munangokhala pansi kudikira kuti mwezi uthe, nkhokwe yathu ili ndi mbewu yotsala. Ine ndikupita ndi dengu kukhomo lakumaso, inu mukudikira munda kukhomo lakuseri. Chaka chamawa ana ajawa adzadya chiyani? Dengu lomwelo? Mpaka liti?"

Timoteyo anatenga chikho chija, napukusa njerezo ndi chala, nachibweza. Masiku otsala kuti mwezi uthe anali asanu ndi anayi.

Lamulungu, mapemphero atatha, anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango monga mwa masiku onse, kukambirana za mpingo. A Hubert, mphunzitsi amene ankatsogolera mapemphero wansembe akakhala kutali, anapatsa Tabitha mpata. Tabitha anayendetsa chikhocho kuti aliyense aone, nanena kulakwa kwake osadzichepetsera mlandu.

Sikuti onse anagwirizana nazo nthawi yomweyo. A Bartholomew, amene anali ndi sitolo yaying'ono, anati mpingo ntchito yake ndi kudyetsa anjala, za minda ndi za eni mbumba. "Tikalowerera, a Useni adzati Akhristu ayamba kulamulira minda ya Asilamu. Tisaputepo mkangano."

"Kwa a Useni sitikukalamula kanthu," anayankha a Hubert. "Iwo anati munda ufesedwe mwezi usanathe. Ife tikungofuna kuti ufesedwe, ndi mwini wake. Koma funso lina ndi la ife tokha. Kodi n'kutheka mpingo kudyetsa munthu Lolemba, mmodzi wa ife n'kumulanda pogwira Lachiwiri, tonse n'kumati tathandiza?"

Anthu anayamba kuyang'anizana. Sanatchule dzina, koma aliyense ankadziwa. Timoteyo anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Munthuyo ndine," anatero. "Munda ndinaufuna, ndipo ndikuufunabe, ndisaname. Koma sindiutenga. Ndipita ndekha kwa a Useni kukabweza mawu anga. Ndipo m'nkhokwe mwanga muli mbewu ya mpunga wa faya yotsala. Itengedwe."

Anapitadi tsiku lomwelo. A Useni anamumvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu.

"Ine ndinkayesa mtsikanayo mphamvu zamuthera ndi maliro," anatero. "Mbewuyo inaphikidwa pa sadaka ya mphwanga, ine ndemwe ndinadya nawo. Ndipo sindinafunse." Anaitana akazi awo kuti aone ngati m'nyumbamo mungapezeke kambale koonjezera.

Asanachite china chilichonse, a Malita anaumirira kuti Safiya afunsidwe tsiku limene akufuna, ndi thandizo limene akufuna. Safiya anasankha Loweruka. Anati amuna awiri okonza mizere ya madzi akwana, ndipo kufesa afesa yekha, chifukwa amaudziwa munda wake pamene pamazama ndi pamene pamauma msanga.

Loweruka m'mawa anthu anatsikira kudambo, ena a kutchalitchi, ena a kumzikiti amene anamva kwa a Useni. Timoteyo anagwiritsa ntchito khasu lake latsopano lija kutseka pamene madzi ankathawira. Tabitha anasenza mbewu, osaipuntha. Safiya asanatapeko m'dengu, anayamba wakhuthulira m'dzanja njere za m'chikho chake, naziwaza pakona ya munda. Zinakwana malo osaposa mphasa imodzi. Pofika masana munda wonse unali utafesedwa, pa tsiku lomaliza la mweziwo.

Dengu la osauka linapitirira kupita kwa Safiya mpaka mpunga unacha, chifukwa mbewu ili m'nthaka ana amafunabe kudya. Koma mpingo unasintha kachitidwe kake. Unagwirizana kuti dengu lisananyamuke, anthu awiri azipita kaye kukakhala pansi ndi munthuyo n'kumufunsa. Atayamba kufunsa anadabwa. Mkulu wina wakhungu amene kale ankamupatsa mpunga chaka chonse anati mpunga ali nawo, chimene chimamuvuta ndi denga lodontha. Mayi wina anati akufuna munthu womulembera kalata kwa mwamuna wake amene anapita kukagwira ntchito ku Halale. Unagwirizananso kuti Mkhristu asapemphe munda, ukonde kapena bwato la munthu amene mpingo ukumuthandiza.

Timoteyo chaka chimenecho anakolola zochepa, monga mwa munda wake waung'ono. Nthawi zina ankadandaula, makamaka akadutsa kudambo n'kuona ngala za Safiya zitawerama. Tabitha ankangomusiya adandaule.

Mu Juni, Lamulungu lina m'mawa, anthu akusonkhana, anaona Safiya akubwera dengu lili pamutu. Sanalowe m'tchalitchi. Anaima pakhomo, nakhuthulira mpunga wake m'dengu la osauka mpaka linasefukira.

"Amake Mariamu, sitinakupatseni kuti mubweze," anatero a Hubert.

"Sindikubweza," anayankha Safiya. "Iyi ndi sadaka yanga, chopereka changa kwa osauka. Alipo wina amene chaka chino akhala ngati ine."

Tabitha anatapa mpungawo m'dzanja, nauyang'ana. Unali wokhwima bwino, wolemera. "Koma mpunga uwu mumtondo ungatuluke woyera bwanji!" anatero asanaganize.

Safiya anamugwira dzanja. "Amake Eva, chonde. Muyambe mwamufunsa mwini wake."

Amayi onse anaphulika kuseka, Tabitha naye anaseka mpaka kupukuta misozi. Mpunga umenewo sanaupunthe. Unasungidwa mumtsuko womata bwino, ndipo mvula itayandikira unafesedwa m'minda ya mabanja awiri.

Phunziro la nkhaniyi ndi losavuta. Mukafuna kuthandiza munthu, khalani naye pansi mumufunse chimene chikumusowa, ndipo mumvere yankho lake, kaya mumapemphera limodzi kaya ayi. Musamupatse chakudya cha lero chokha, onaninso ngati munda, ntchito kapena malo amene amadalira ali otetezeka. Ndipo ngati amene akupindula ndi vuto lakelo ndi wa mumpingo mwanu kapena wa m'nyumba mwanu, yambani kukonza pamenepo.