Miyendo Inayi ya Kalavani ya Joris

Ndinamuuza Joris tisanatuluke n'komwe pageti, nditamugwira pamkono kuti asathawe: nyumba ya matayala salowamo munthu miyendo yake isanatsitsidwe. Miyendo ndi inayi, pangodya iliyonse umodzi. Upukuse mpaka iponde nthaka, ndiye anthu alowe. Iye anangondipsompsona pachipumi n'kundiuza kuti zonse zili papepala, zinthu makumi atatu ndi ziwiri, ndipo za miyendozo anazilemba pa nambala naini.

Pepalalo ine sindikanaliwerenga, poti sukulu sindinaipondeko. Koma ndinabadwira m'ngolo. Bambo anga ankayenda ndi akavalo amatabwa ozungulira aja ana amakwera pa zikondwerero, sabata ino tawuni iyi, sabata yamawa tawuni ina, ndipo tonse asanu ndi anayi tinkagona m'ngolo imodzi. Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndinaona ngolo ya amalume ikuimika mphuno kumwamba, mbaula ya moto ili mkati. Chiyambire tsikulo, chilichonse chokhala pa matayala awiri ndimachiyang'ana ndi diso limodzi ngakhale ndili m'tulo.

Joris ndi mdzukulu wanga. Amagwira ntchito muofesi ku Tilburg, ndipo kufikira chaka chimenecho anali asanakokepo ngakhale wilibala. Kalavaniyo anagula yakale kwa bambo wina wofedwa mkazi, yoyera, ya mzere wofiirira m'mbali, makatani ake achikasu. Anaitsuka masabata atatu. Ankapita kukailonjera asanamwe khofi. Mkazi wake Femke sankaifuna m'pang'ono pomwe, ankati tchuthi chotsuka mbale m'beseni si tchuthi. Mapeto ake anagwirizana chimodzi: ulendo umodzi wa masiku atatu ku Zeeland, m'mphepete mwa nyanja. Akaikonda, kalavani ikhala. Akapanda kuikonda, Lolemba lomwelo igulitsidwe, ndipo nkhani ya kalavani isadzamvekenso m'nyumbamo.

Ine ananditenga akuti ndikakumbuke kale. Ndinavomera chifukwa ana awiriwa pamsewu okha ndi chinyumba kumbuyo, ndikanafa ndi mtima ndili pampando wanga.

Polongedza tinayambana kale. Mbatatesi za ku Zeeland akuti n'zabwino, koma ndani amapita kutchuthi kukadya mbatatesi za eni? Joris anatenga thumba lathunthu, kuwonjezera kireti ya mowa ndi tchizi chachikulu ngati tayala la njinga yamoto, zonse n'kulowetsa pansi pa bedi, kumbuyo kwenikweni. Ndinamuuza kuti katundu wolemera amakhala pamwamba pa matayala. Anati pamenepo pali firiji, nanga aichotse?

Tinanyamuka. Galimoto itangogwedezeka, kumbuyo kunamveka gwede, chinyumba chija n'kuyamba kutitsatira. Joris anakuwa ngati wagoletsa chigoli. Ankayang'ana pagalasi lakumanzere, lakumanja, lakumanzerenso, akubwereza kuti ikubwera, Femke, taona ikubweradi. Femke anamufunsa ngati ankayembekezera kuti itsala. Ine kumpando wakumbuyo ndinkawerenga ngozi: mlatho uwo ndi wotsika, wanjinga uyo akugwa, usaimbe mluzu uli paulendo, manja onse pa chiwongolero.

Pamsewu waukulu thiraki yaitali inatipitirira, mphepo yake n'kukankha kalavani. Mchira unayamba kupendapenda, uku, uko, galimoto nayo n'kuyamba kuvina. Ndinamukuwira kuti asaponde buleki, angochotsa phazi pamoto. Pamenepo yekha anandimvera. Zinthu zitakhazikika, Femke ndi amene anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, akumenya mwamuna wake pantchafu. Joris anati waona, ndaigonjetsa. Sindibisa, nanenso magazi anandithamanga. Panali patapita zaka makumi asanu ndi limodzi ndisanamve kulemera kwa nyumba kukukoka kumbuyo kwanga, ndipo titayamba kununkhiza mchere wa kunyanja ndinapezeka ndikung'ung'udza nyimbo ya akavalo a bambo anga.

Malo ogonera anali pafamu ina, bwalo la kapinga lokhala ndi makalavani ngati khumi ndi asanu. Athu anali nambala faifi, kumapeto, kumbuyo kwake kuli ngalande ya madzi obiriwira, m'mphepete muli udzu woyabwa uja wofika m'chiuno. Tikulowa, aliyense anatembenuza mpando wake kuyang'ana kwa ife, kapu ya khofi m'manja. Ndi mmene zimakhalira. Wobwera kumene akamalowetsa kalavani chambuyo, ndiye kanema wa tsikulo.

Kalavani ukaibweza m'mbuyo imakana. Ukakhotetsa kumanzere imapita kumanja. Joris ankazidziwa zimenezi papepala, koma manja ake sankazidziwa. Kachiwiri anatsala pang'ono kugwetsa mpopi. Kachinayi kalavani ndi galimoto zinapindana ngati mpeni wa m'thumba. Femke anali kumbuyo akugwedeza manja onse awiri mbali zosiyana. Kachisanu ndi chiwiri, mkulu wina wa ndevu zam'mwamba, wa pa nambala folo, dzina lake Sjaak, anadzuka pampando n'kudzagogoda pawindo.

"Achimwene, mukufuna nambala faifi kapena eni famu akulembani ganyu yolima?"

Bwalo lonse linaseka. Sjaak anati imasuleni, tikankhe ndi manja, ana onse amayamba ndi kukwawa. Amuna asanu ndi mmodzi anaikankha ngati akukankha kabati, mphindi ziwiri zokha ili pamalo pake. Joris anathokoza, makutu ali psuu.

Femke anapita kukatunga madzi. Ine ndinaima pakhomo la kalavani ngati mlonda, ndikudikira miyendo. Joris anatsegula kabokosi kakutsogolo, n'kupisa dzanja, n'kupisanso. Anatulutsa chingwe cha magetsi, nyundo, ndowa. Kenako anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa. Chitsulo chopindika chija chopukusira miyendo anachisiya kunyumba, pakhoma la galaja, pamene anachikoleka atachipaka mafuta kuti chiwale.

Ndinamuuza kuti akabwereke kwa Sjaak, kalavani iliyonse pabwalopo ili nacho chake.

"Kwa wandevu uja? Agogo, ndibwerere kwa anthu omwe angondiseka aja, ndikati ndaiwala chopukusira? Femke akamva ndiye basi, Lolemba ikupita."

"Ndiye ndipita ndine."

"Ayi, chonde. Katayala kakutsogolo kali pansi, buleki ndamanga. Mawa m'mamawa ndithamangira kutawuni ndikagule, iye asanadziwe. Usiku umodzi wokha."

"Katayalako kamaletsa mphuno kugwa pansi, mwana iwe. Kamaletsa kukwera kumwamba?"

Anandigwira manja onse awiri, maso aja ngati a mayi ake. Femke anali akubwera ndi chigubu cha madzi. Ndinalowa ine poyamba, n'kukakhala pa benchi yakutsogolo kwenikweni, pomwe panalinso pogona panga. Mulungu anandipatsa thupi, si ine wopepuka. Ndinamunong'oneza Joris kuti malinga ndili pano, nyumba yako ili chiimire. Ndikadzatuluka iwe uli kumbuyo, udzandikumbuka.

Madzulo amenewo anali okoma, ndisaname. Chilichonse m'kalavanimo chinali chodabwitsa kwa awiriwa. Tebulo losanduka bedi, Joris analipinda n'kulitambasula kanayi. Timakabati totseka ndi batani. Kambaula ka gasi ka malo awiri, komwe Femke anaphikapo mbatatesi zopota ndi masamba ndi soseji, akudandaula kuti chigongono chikugunda khoma, koma akuimba. Mvula inayamba kuwaza padenga, phokoso lija la ngati nyemba zikugwera m'chitini, mawindo n'kuchita nthunzi. Tinasewera makadi. Femke anapambana katatu n'kumatcha mwamuna wake dalaivala wa thirakitala.

Ine sindinasunthe. Tiyi ndinakana, khofi ndinakana, ngakhale madzi, podziwa kuti chimbudzi chili kutsidya kwa bwalo. Femke anafunsa ngati ndikudwala, ndinati ndi mawondo. Nthawi ina atapita kumbuyo kukatenga juzi, pansi panapendekera pang'ono. Anati taonani, ikuyenda ngati bwato, n'zokoma bwanji. Joris anatsamwa ndi mowa. Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana makatani.

Kutacha kunja kunali ngwee, mvula itapita. Femke anadzuka woyamba kuti akagule buledi ndi mazira kunyumba ya eni famu. Akuvala nsapato pafupi nane, anandinong'oneza kuti chikwatiwire sanagonepo tulo ngati timeneti, koma ndisamuuze kaye Joris, avutike pang'ono mpaka Lamlungu. Anatuluka akudumpha timadzi ta pakapinga.

Ndinamuuza Joris kuti nthawi yake ndi imeneyi, adzuke athamangire kutawuni, kapena agogode pa nambala folo. Anati pompano. M'malo movala, anagwada pabedi ndi kabudula wamkati yekha, n'kutsegula windo lalikulu lakumbuyo, lija lotsegukira kunja ngati chivindikiro. Kutsidya kwa ngalande kunali ng'ombe zakuda ndi zoyera zitaima m'nkhungu. Anatulutsa mutu, kenako mapewa, foni ili m'manja, akuti chithunzi chimenechi Femke akachiona nkhani yatha.

Tsono ine chikhodzodzo changa ndi cha zaka makumi asanu ndi atatu. Chinali chitapirira kuyambira dzulo masana.

"Joris, bwera kutsogolo kuno. Ndikutuluka."

"Pitani, agogo, ili bwinobwino. Usiku wonse yagwa?"

"Usiku wonse ndinalipo ine. Bwera udzakhale pa benchi pano."

"Kamodzi kokha, ng'ombe iyi ikundiyang'ana."

Ndinamuitana kachitatu, ndi dzina lake lonse la ubatizo. Anangogwedeza phazi. Ndinavala jasi, n'kutsegula chitseko, n'kutsika.

Ndinayenda mapazi atatu. Kumbuyo kwanga kunamveka kulira kwa chitsulo, kwiii, pang'onopang'ono, phokoso lomwe ndinalimva ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nditatembenuka, katayala kakutsogolo kanali m'mwamba kakuzungulira kokha, mphuno ya kalavani italoza kumitambo. Mkati mbale ndi makapu zinkathamangira kumbuyo, wayawaya. Matako a kalavani anamenya nthaka, phi, ndipo mdzukulu wanga anatuluka pawindo chamutu, ngati kalata yolowa m'bokosi. Anadutsa mu udzu woyabwa uja n'kukagwera m'ngalande, chubwi. Poto wa mbatatesi zotsala dzulo anamutsatira pawindo lomwelo.

Atatulukamo iye, kalavani inaganiza kaye, kenako n'kubwerera pamalo pake, gu.

Mtima wanga unaima mpaka nditaona mutu ukuvuuka, ndere zobiriwira zili m'tsitsi, akulavula. Madzi ankamulekeza m'chiuno. Pamenepo m'pamene ndinathamangira kuchimbudzi, chifukwa zinazi sizidikira maliro kapena ukwati.

Pobwerera ndinapeza bwalo lonse lili pa nambala faifi, ena ndi mswachi m'kamwa. Amuna awiri anali atamuvuula Joris. Anakhala pakapinga akunjenjemera, thupi lonse lili matuza ofiira, dzanja lamanja atalikumbatira pachifuwa. Foni inatsala kwa achule. Sjaak anazungulira kalavani, n'kuwerama pangodya iliyonse. Anapita kwake n'kubwera ndi chopukusira, n'kuchiika pamiyendo pa Joris mwaulemu ngati akupereka mphatso ya ukwati. Anati akanabwera dzulo akanamubwereka, n'kumupatsanso khofi, chifukwa pabwalo lonseli palibe amene sanaiwalepo chake.

Femke anafika buledi ali m'khwapa. Anayang'ana mwamuna wake, windo lolendewera pa hinjesi imodzi, poto akuyandama m'ngalande. Kenako anayang'ana ine.

"Agogo, mawondo aja ndi amenewa?"

Ndinati ndi amenewa.

Anaika buledi pansi bwinobwino, n'kutenga chopukusira pamiyendo pa Joris, n'kufunsa Sjaak kuti chimalowa pati. Anatsitsa yekha miyendo yonse inayi, ine ndikumuuza kuti iponde chabe, isanyamule nyumba. Atamaliza analowa, n'kuyenda mpaka kumbuyo, n'kudumpha kawiri. Kalavani inali nji. Anasuzumira pawindo lothyoka lija n'kuuza Joris kuti kalavani sigulitsidwa, waikonda. Joris anayamba kumwetulira, ndere zikutsika patsaya. Femke anatambasula dzanja n'kunena kuti makiyi a galimoto.

Kuchipatala cha m'tawuni anati dzanja lathyoka pamfundo, n'kuliika pulasitala masabata asanu ndi limodzi. Matuza anamuyabwa masiku anayi, ankagona chokhala. Lamlungu Femke anasamutsa mbatatesi n'kuziika pamwamba pa matayala, anakoleka kalavani, n'kuitulutsa pabwalo kamodzi n'kamodzi, anthu a makapu aja akuwomba m'manja. Mchira sunagwedezeke mpaka ku Tilburg.

Pulasitala anachotsa kalekale, koma makiyi sanabwerere. Tapitako kanayi tsopano ku famu ija, ndipo tikamalowa pageti Sjaak amakuwa kuti bakha wafika, tsekani ngalande. Joris, amene anatsuka kalavani masabata atatu kuti adzaikoke yekha, amakhala kumpando wakumbuyo pambali panga, chopukusira atachigwira pamiyendo ulendo wonse.