Hudson pa Benchi

Patricia analowa mumsonkhano wa komiti atavala jekete ya timu, ikununkhabe chinyezi cha Loweruka. M'kalasi imene anabwereka ku Chitakale munali amuna okhaokha, ndipo aliyense anali atasanduka katswiri wa basiketibolo chiluzireni gemu ija.

"Akochi, tatiuzani," anayamba a Winston, apampando. "Ndime yachipulula, tikutsogola, nthawi yatsala pang'ono. Inu n'kutulutsa Hudson, wotimwetsera zigoli. Mumafuna apume kuti akasewere kuti?"

Ena anaseka. Patricia anayang'ana pawindo, kuminda ya tiyi.

Yankho anali nalo. Pa nthawi yopuma, Hudson anawerama ngati akumanga nsapato yomanga kale, n'kunong'ona kuti, "Asisi, bondo lagwira. Musanene." Pakati pa owonerera panali bambo wa timu ya ku Blantyre, yolipira osewera pamwezi, amene anali atamuitana kale Hudson kuti akamuyese Lachisanu. Mwana wa mayi wothyola tiyi saitanidwa kawiri. Akanangotsimphina pabwalo paja, nkhani ikanathera pomwepo.

"Ndinaona kuti tikufunika otchinga," anatero Patricia.

"Otchinga! Ndiye anatchinga chiyani, mphepo?" anafunsa a Evance, amene sanagwirepo mpira chibadwire. "Gemu amaluza ndi kochi, mayi. Osewera amangothamanga."

Patricia anakumbuka kuti tsiku limene anapambana ku Thuchila, a Evance omwewo ankati gemu amawina ndi manja a Hudson.

"Palibe chifukwa china?" anafunsa a Winston, mawu atafewa. "Nenani, mwina tikumvetsani."

"Palibe."

Patricia anavula wezulo m'khosi n'kuiika patebulo asanamupemphe.

Lachisanu m'mawa Patricia anamupeza Hudson pa siteji. Ankakwera minibasi atagwira chitseko ndi manja onse awiri, akutsogoza mwendo wamanzere.

"Akochi, ndamva zimene achita. Ine ndikanatha..."

"Akochi ndi a Evance tsopano. Bondolo umange mkati mwa buluku. Tsiku loyamba usadumphe kwambiri."

"Nanga akandifunsa chifukwa chimene munanditulutsira?"

"Uwauze kuti kochi wako anali mbuli. Mulanje yonse ikuchitira umboni."

Kondakitala anamenya denga, minibasi n'kunyamuka. Chifunga chinali chitatsika mpaka m'munsi mwa phiri. Patricia anakweza dzanja pachifuwa mwachizolowezi, napeza zipi ya jekete yokha. Anaikoka mpaka m'khosi.