Madzi a m'Simbi

Simbi yanga ya nthunzi inali itatha zaka zisanu ndi zitatu osadwalako, ndipo musati ndi mwayi. Ndimaimwetsa madzi a mvula okhaokha, osefa pakansalu, amene ndimasunga m'botolo. Ndikamaliza kusita ndimakhuthula otsala n'kuiimika kuti izizire. Madzi a pampopi wathu ndi a mchere, amatseka timabowo ta nthunzi. Lamulo limeneli aliyense m'nyumba muno amalidziwa ngati dzina lake.

M'mawa umenewo mtima sunali m'malo. Mwana wathu woyamba anali ataitanidwa kukayesedwa ntchito, patatha zaka ziwiri akungolemba makalata. Bulauzi yoyera ndinamusokera ndekha. Ndinkangoti kukhala, kuimirira, kuyang'ana wotchi, kufunafuna sizasi ili m'manja mwanga momwe.

Nthawi zonse ndimayamba ndayesa nthunzi pakachigamba. Tsiku limenelo sindinayese, paja fulumira adadya gaga. Simbi inatsokomola kawiri, n'kulavula madzi a dzimbiri pachifuwa penipeni pa bulauzi.

"Mayi ine! Wathira madzi a pampopi m'botolo langa ndani?"

Mwana uja anatuluka m'chipinda, anaona banga lija, n'kungokhala pansi. Bambo ake anaima pakhomo akukanda m'mutu.

"Ndine, mayi a mwana. Botolo linatsala pang'ono kutha mwezi watha, mvula kulibe. Ndimawonjezerako pang'onopang'ono kuti musadandaule."

"Mwandithandiza kwambiri, bambo! Mukanandifunsa pakamwa panu pakanatupa?"

Ndinapsa mtima kwambiri. Chiwachotsereni ntchito kunyumba yosungiramo katundu, bamboyu amangozungulira m'nyumba kufunafuna chokonza, ndipo chimene wakonza chimafunanso wokonza. Ndinapaka sopo, ndinatikita, banga linangofalikira. Basi yoti mwana akwere inali itatsala ola limodzi kuti inyamuke.

Iwo analowa kuchipinda mwakachetechete. Anatuluka atanyamula shati yawo yoyera, ija imakhala m'pepala la pulasitiki kuseri kwa chitseko, yosita kale, kudikira tsiku limene adzawaitane kwinakwake.

"Ichepetseni," anatero.

"Adadi, ayi, imeneyo ndi yanu," mwana anakana.

Ine ndinalibe nthawi ya manyazi. Ndinamuveka, ndinabaya mapini, ndinadula mikono, ndinapinda m'mbali, makina akuthamanga ngati akundithawa. Simbi ndinaikhuthula n'kusita misoko youma, nditayala kansalu konyowa pamwamba. Kolala inali yachimuna ndithu, koma inamukhala bwino. Anatuluka akumanga batani lomaliza, nsapato zikugogoda mpaka kumsewu.

Titatsala awiri, ndinatola mikono ija pansi, mkwiyo utasanduka chisoni.

"Nanga akakuitanani mudzavala chiyani?"

Anali atatenga kale simbi ija, akuchotsa mchere m'timabowo ndi kamtengo ka machesi, bowo limodzilimodzi.

"Zaka zinayi, mayi a mwana," anatero osadzutsa mutu. "Ine sadzandiitananso. Bola ikagwireko ntchito shatiyo."